Chithunzi Chobedwa ndi Chithunzi Cholipira: Ojambula a M'misewu ya Johannesburg

Mumzinda wa Johannesburg, umene makolo ambiri a chigawo chino ankangoutchula kuti Joni, dzina lakuti wojambula zithunzi wa mumsewu lili ndi eni ake awiri. Woyamba ndi uja amayendayenda ndi kamera mwakachetechete, nadikira mpaka zochitika za mumsewu zitadziyala zokha pamaso pake, kenaka n'kutola chithunzi osapempha. Zithunzi zake zimakathera m'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'nyumba zoonetsera zaluso. Wachiwiri ali ndi malo ake okhazikika, kaya patsinde pa mtengo kaya pambali pa kanjira ka m'paki. Iye sasaka munthu. Munthu ndiye amamufunafuna, nalipira, nasankha yekha poima ndi kaimidwe kake. Olemba mbiri ya zaluso akhala akutamanda woyambayo n'kumulambalala wachiwiri. Komatu ntchito za ojambula a masiku ano mumzindawu sizingamveke popanda awiri onsewa, pakuti funso limene likuwasautsa lidabadwira pakati pawo: kodi nkhope ya munthu wongodzidutsira mumsewu mwini wake ndani?

Funsoli mizu yake ili m'malamulo a tsankho. M'chaka cha 1952 boma la South Africa lidakhazikitsa lamulo lakuti munthu wakuda aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo aziyenda ndi kabuku kachiphaso, kamene anthu adakapatsa dzina lonyoza lakuti dompas. M'kabukumo munkakhala chithunzi cha mwini wake. Motero kwa anthu ochuluka, kuima pamaso pa kamera kunali kulamulidwa, monga kudinda chala. M'chaka cha 1970 antchito akuda a kampani ya Polaroid ku Cambridge, m'dziko la America, adadzudzula poyera kuti zipangizo za kampaniyo zinkagwiritsidwa ntchito pojambula zithunzi za ziphasozi, ndipo mu 1977 kampaniyo idasiya malonda ake ku South Africa. Malamulo a ziphaso adathetsedwa mu 1986, koma kukayikira munthu wonyamula kamera sikudathere pomwepo.

Ernest Cole, wobadwa mu 1940 ku Eersterust pafupi ndi Pretoria, ndiye adatembenuza kamera n'kuilozetsa kwa olamulawo. Adayamba ntchito ku magazini ya Drum mu 1958, ndipo buku la Henri Cartier-Bresson la zithunzi za anthu a ku Moscow lidamusonyeza zimene kamera yaing'ono ingachite m'manja mwa munthu wodziwa kudikira. Koma kudikira kwa Cartier-Bresson kunali kwa mlendo woyenda ndi chilolezo, pamene Cole ankadikira ngati mlenje amene nayenso akusakidwa. Kuti aziyenda momasukirapo adanyengerera akuluakulu a boma mpaka adamuchotsa m'kaundula wa anthu akuda n'kumulemba ngati mkaladi, ndipo dzina lake lidasintha kuchoka pa Kole kukhala Cole. Polowa m'makomboni a kumigodi ankabisa kamera m'kathumba kapepala konyamuliramo chakudya, katabooledwa pang'ono kuti diso la kamera lizisuzumira. Adajambula anthu akumangidwa chifukwa cha ziphaso, masitima odzaza mpaka pakhomo, ana asukulu akulemba chogwada pansi. Adatuluka m'dzikomo mu 1966, ndipo buku lake, House of Bondage, lidasindikizidwa ku New York mu 1967 n'kuletsedwa kwawo.

Chithunzi chodziwika kwambiri m'bukulo ndi cha amuna ofuna ntchito ya mumgodi ataimikidwa pamzere ali maliseche, manja ali m'mwamba, akudikira kupimidwa. Migodi yomweyo ndiyo inkalandira amuna masauzande ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzera m'bungwe la Wenela. Palibe angakane kuti chithunzichi chidavula tsankho pamaso pa dziko lonse. Komanso n'zoona kuti palibe mwamuna wa pamzerewo akadachitumiza kwa mkazi wake. Chimene munthu wa kumgodi ankatumiza kumudzi chinali china: atavala suti, chipewa chitapendekeka, wotchi ili poonekera. Chithunzi chotere chinali kalata yonena kuti ndili moyo, sindinatchone. Kuchitcha bodza kungakhale kulakwa. Chinali umboni wa mmene munthuyo ankadzionera, pamene cha Cole chinali umboni wa mmene mgodi unkamuonera.

Amene adaima pakati pa zithunzi ziwirizi ndi Santu Mofokeng, wobadwa mu 1956, amene adakulira ku Orlando East mu Soweto. Iye adayamba ngati wojambula wa mtundu wachiwiri uja: mnyamata woitanidwa kumaukwati ndi kumaphwando, amene ankadziwa kuti chithunzi chikapanda kusangalatsa mwini wake ndalama yake yalowa m'madzi. Pambuyo pake adagwira ntchito yotsuka mafilimu m'zipinda zamdima za nyuzipepala, ndipo mu 1985 adalowa gulu la Afrapix, limene linkajambula nkhanza za boma ndi kulimbana kwa anthu. Manyuzipepala akunja nthawiyo ankafuna utsi, apolisi ndi maliro. Mofokeng adayang'ana kwina. Mu 1986 adajambula Train Church, zithunzi za anthu opita ndi kuchokera kuntchito pa sitima ya pakati pa Soweto ndi mzinda, amene ankasandutsa mabogi kukhala tchalitchi: kuimba, kulalikira, kuguguda makoma a sitima m'malo mwa ng'oma. Sitimayo naye ankaikwera tsiku ndi tsiku. Zithunzizo n'zopanda mitundu, zina n'zachimbuuzi chifukwa cha kugwedezeka ndi kuchepa kwa kuwala, ndipo chimbuuzicho ndicho chimamuuza woona kuti wojambulayo adali mothithikana momwemo, osati pazenera.

Ngakhale zinali tero, pa chionetsero chake choyamba mu 1990 mlendo wina adalemba m'buku la ndemanga kuti wojambulayu akungodyera anthu akuda. Mawuwa adamulasa. Adayamba kuyang'anitsitsa zithunzi zopachikidwa m'makoma a nyumba za ku Soweto, ndipo adapeza kuti n'zosiyana kotheratu ndi zimene iye ndi anzake ankagulitsa kunja. Anthu sankapachika umphawi wawo pakhoma. Kufufuzaku kudabala The Black Photo Album / Look at Me: 1890–1950, ntchito imene idaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha Johannesburg mu 1997. M'menemo mulibe chithunzi chojambula iye mwini. Adasonkhanitsa zithunzi zakale zimene mabanja akuda adalipira okha kuti ajambulidwe atavala bwino, nazijambulanso, nafufuza mayina ndi mbiri za eni ake. Wojambula amene adatchuka ndi diso lake adavomereza kuti ojambulidwa nawo ali ndi diso. Adamwalira mu 2020.

Ntchito ya mtundu wachiwiri uja idali isanafe. Mu 2004 katswiri wa zaluso Terry Kurgan adachita kafukufuku wotchedwa Park Pictures m'paki ya Joubert, pakatikati pa mzinda, momwenso mudamangidwa nyumba ya zaluso ya Johannesburg Art Gallery. Adapezamo ojambula pafupifupi 40, aliyense ndi malo ake osalowereredwa ndi mnzake, ndipo adalemba malowo pa mapu. Ambiri mwa ojambulawo ndi makasitomala awo omwe adali obwera, ena ochokera kumidzi ya m'dzikomo, ena ochokera kumaiko oyandikana nalo. Luso la ojambulawa silinali lochepa monga ena amaganizira. Ankayenera kudziwa kumene dzuwa lili pa ola lililonse kuti nkhope isabisike mumthunzi, kusankha chakumbuyo choti chinene kuti kuno ndi kutauni, kumasula munthu wamanyazi ndi nthabwala, ndiponso kusamala filimu, poti m'mpukutu wa zithunzi 36 chilichonse chinali ndalama. Kasitomala ankapereka ndalama yoyambira, filimu n'kupita kokatsukitsa, iye n'kudzabweranso tsiku lina. Ena sankabweranso. Zithunzi zosatengedwazo zinkaunjikana m'zikwama za ojambula, ndipo Kurgan adagulako zambiri n'kuzionetsa m'nyumba ya zaluso ija, imene ambiri mwa ojambulawo ankagwira ntchito pakhomo pake koma osalowamo.

M'badwo watsopano udaphunzira kumbali zonse ziwiri. Sukulu ya Market Photo Workshop, imene David Goldblatt adaikhazikitsa mu 1989 kuti achinyamata omanidwa maphunziro ndi tsankho aphunzire kujambula, idatulutsa anthu ngati Nontsikelelo Veleko ndi Sabelo Mlangeni. Veleko adatchuka m'zaka zoyambirira za 2000 ndi zithunzi za achinyamata otchena modabwitsa m'misewu ya mzindawu. Iye sankaba chithunzi. Ankamuimitsa munthu, n'kulankhula naye, munthuyo n'kuima mmene akufunira, maso ali pa kamera. Uku ndi kachitidwe ka m'paki ya Joubert ndithu, kungoti chithunzi chake chinkakathera pakhoma la chionetsero. Mlangeni, wobadwa mu 1980 ku Driefontein m'chigawo cha Mpumalanga, adafika mumzindawu mu 2001. Ntchito yake ya mu 2006, Invisible Women, ndi ya amayi osesa misewu usiku, amene anthu a masana amangopeza mwayera osadziwa wasesa ndani. Sadawajambule chongodutsa, adabwerera kwa iwo usiku ndi usiku mpaka adamuzolowera. Chida chake chachikulu chidali nthawi, ndipo ichi n'chida chimene Cole, woyang'anayang'ana apolisi kumbuyo, sakadakhala nacho.

Kubwera kwa mafoni okhala ndi kamera kudasokoneza malonda a m'paki, poti wobwera kumene mumzinda atha kudzijambula yekha n'kutumiza chithunzi kumudzi pa WhatsApp nthawi yomweyo. Kwa wojambula woyendayenda nakonso zinthu zidasintha. Wodutsa mumsewu tsopano amadziwa kuti nkhope yake itha kufika pa intaneti dzuwa lisanalowe, ndipo amafunsa kuti chithunzicho n'chantchito yanji, chikupita kuti, nanga iye apindulanji. Mafunsowa ndi omwe aja adalembedwa m'buku la ndemanga la Mofokeng, kusiyana kwake n'kwakuti akufunsidwa pamaso m'pamaso chithunzi chisanatoledwe.

Cole adamwalira ku New York mu February 1990, patangopita masiku ochepa Nelson Mandela atatuluka m'ndende, ndipo adali asanabwererenso kwawo. Mu 2017 zithunzi zake pafupifupi 60,000, zikadali pamafilimu, zidapezeka zitasungidwa m'banki ina ku Stockholm, m'dziko la Sweden, n'kuperekedwa kwa abale ake. Zambiri mwa izo ndi za m'misewu ya ku America, kumene adajambula anthu akuda a ku Harlem ndi a m'madera akummwera. Zina zidasindikizidwa mu 2024 m'buku lotchedwa The True America, ndipo chaka chomwecho Raoul Peck adatulutsa filimu yofotokoza za moyo wake.