Kumenya Ana Kusukulu: Zimene Makolo Muyenera Kudziwa

Makolo ambiri a ku Selous, Chegutu ndi Kadoma anakula akukwapulidwa kusukulu, ndipo ena amakhulupirira kuti chikwapu n'chimene chinawaongola. Komabe dziwani kuti muno mu Zimbabwe mphunzitsi saloledwanso kumenya mwana. Lamulo la maphunziro limene linakonzedwanso mu 2020 linaletsa mchitidwewu, ndipo gawo 53 la malamulo aakulu a dziko a 2013 limateteza munthu aliyense ku chilango chankhanza kapena chonyazitsa.

Kuvulala kwina sikuoneka msanga. Mbama ya pakhutu imatha kuboola kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa khutu, mwana n'kuyamba kumva movutikira. Rula kapena ndodo ikagwera pazala imatha kuthyola fupa. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati wamenyedwa m'mutu kenako akusanza, akuwodzera modabwitsa kapena akuyankha zosokonekera; ngati m'khutu mukutuluka magazi kapena madzi; ngati chala chatupa ndipo sichikupindika; kapena ngati mkodzo wada atakwapulidwa kwambiri, pakuti zimenezi zingasonyeze kuti impso zili pangozi.

Bala la mumtima ndi limene limakhalitsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likunena kuti chilango chomenya chimayendera limodzi ndi nkhawa, kukhumudwa, ukali ndi kusakhoza bwino m'kalasi, ndipo palibe umboni woti chimakonza khalidwe. Mwana wamantha amaganizira dzanja la mphunzitsi, phunziro n'kumudutsa. Mungaone kuti wayambanso kukodza pogona, m'mimba mukumupweteka m'mawa uliwonse wa sukulu, akujomba, kapena akumenya azing'ono ake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ena amene amakwapulidwa chifukwa cha "ulesi" amakhala kuti saona bwino pabolodi, samva bwino kapena achoka kunyumba ndi njala. Pemphani kuti amuyeze maso ndi makutu.

Mwana akakuuzani kuti wamenyedwa, mumvetsereni modekha, osayamba ndi kufunsa chimene walakwa. Lembani tsiku ndi zimene wanena, ndipo pemphani namwino alembe mabalawo m'khadi lake la kuchipatala. Kenako kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu. Mukapanda kuthandizidwa, pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Mungathenso kuimbira Childline pa 116 kwaulere, kapena kukanena ku Victim Friendly Unit pa polisi yapafupi.