Kuwala kofooka kwa ku Calcutta

Mu 1921 katswiri wa sayansi wa ku India, C. V. Raman, anali pa sitima yapamadzi kubwerera kwawo kuchokera ku England. Nyanja ya Mediterranean inali buluu wokhawokha. Katswiri wina wa sayansi, Lord Rayleigh, anali atanena kale kuti mtunduwo ndi chithunzithunzi cha thambo m'madzi basi, koma Raman sanakhutire. Iye ankati madziwo ndiwo amamwaza kuwala kwa dzuwa.

Atafika ku Calcutta, iye ndi ophunzira ake anayamba kulowetsa kuwala kwa dzuwa m'zamadzimadzi zosiyanasiyana. Nthawi zonse pankatuluka kakuwala kofooka, kosiyana mtundu ndi kuwala kolowa. Poyamba ankati ndi litsiro la m'madzimo. Anasefa, anatcheza mobwerezabwereza, koma kakuwalako kanali pomwepo. Pa 28 Febuluwale 1928, Raman, akugwira ntchito ndi K. S. Krishnan, anatsimikiza kuti si litsiro ayi. Kuwala kukagunda molekyu, kagawo kochepetsetsa kamasiya mphamvu zina m'kunjenjemera kwa maatomu ake, n'kutuluka katasintha mtundu. Molekyu iliyonse ili ndi kanjenjemeredwe kake, choncho kusinthako kumaulula kuti ndi molekyu yanji.

Ku Moscow, Grigory Landsberg ndi Leonid Mandelstam anapeza zomwezi m'miyala ya quartz chaka chomwecho. Mphoto ya Nobel ya 1930 inapita kwa Raman yekha, ndipo kunena zoona, atatu enawa anachepetsedwa.

Njira yodziwira mamolekyu imeneyi inakhalabe yovuta chifukwa kakuwalako n'kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 miliyoni. Zinthu zinasintha itabwera leza mu 1960. Lero pali ma leza othwanima kwa nthawi yosakwana gawo limodzi pa magawo thiriliyoni a sekondi. Poyeza ndi ma lezawa, kuthwanima koyamba kumadzutsa molekyu yosungunulidwa m'zamadzimadzi, mphamvu ya magetsi ya m'kati mwake n'kusunthira mbali ina. Mamolekyu a madzi kapena mowa ozungulira amatembenuka kuti agwirizane ndi kusunthako, ndipo kuthwanima kotsatira kumayeza mmene kanjenjemeredwe kasinthira. Molekyu yomweyo ikasungunulidwa m'zamadzimadzi zotchedwa hexane, zomwe sizikoka magetsi kwenikweni, zotsatira zimakhala zina. Gulu la Richard Mathies ku Berkeley linathandiza kwambiri kukulitsa njira yoyezera imeneyi.