Mbiri ya mabwalo a pa intaneti: kwina mtendere, kwina nkhondo

Pa foni yangayi pali magulu awiri a WhatsApp amene akhala akundizunguza mutu. Loyamba ndi la ife amene tidaphunzira limodzi ku sekondale. Tidaliyambitsa ndi cholinga chabwino zedi, choti mnzathu akaferedwa tizisonkha kangachepe kopepesera. Koma lero mutati mulowemo mungayese mwafika pamowa wa masese tsiku la malipiro. Nkhani ya ndale, ya mpira, ngakhale ya mtengo wa feteleza, zonse zimakathera ku mitundu ndi kutukwanizana. Chaka chatha mnzathu wina atataya mayi ake, amene tidasonkha sitidakwane khumi, poti ambiri adali atatulukamo kale ndi mkwiyo.

Gulu lachiwiri ndi la oweta nkhuku. Muli anthu ambiri kuposa loyamba lija ndipo ochuluka sitidziwana nkhope, koma muli bata. Munthu akafunsa za chitopa amayankhidwa mwaulemu, ngakhale funsolo lidayankhidwapo kale kakhumi. Chodabwitsa n'chakuti pali anthu atatu amene ali m'magulu onse awiri. Kunoku ndi afisi, uko ndi nkhosa. Tsono amene amati zimatengera mtima wa anthu ake andiuze: kodi mtima wa munthu umasintha akangodina pa foni?

Funso limeneli si lathu tokha ayi, ndipo si lalero. Lidayamba kuvutitsa anthu ku Amereka zaka zoposa 40 zapitazo, pamene makompyuta adayamba kulumikizana. Tiyeni tione zimene zidawaonekera, mwina tingatolepo kanthu.

Mu 1978, mu mzinda wa San Francisco, kagulu ka anthu okonda makompyuta kadatsegula bwalo lotchedwa CommuniTree. Nthawi imeneyo intaneti monga tikuidziwa leroyi kudalibe. Munthu ankalumikiza kompyuta yake ku waya wa lamya n'kuimbira kompyuta ina imene inkasunga mauthenga. Ankawerenga zimene anzake alemba, iye n'kusiyapo zake. Eni bwaloli ankamukhulupirira kwambiri munthu. Iwo ankati aliyense alowe ndipo pasapezeke wofufuta mawu a mnzake. Ngakhale makinawo adawakonza mwa njira yoti kufufuta kukhale kovuta. Poyamba zinthu zidayenda bwino, poti olowamo adali akuluakulu ochepa a maganizo ofanana, okambirana za moyo wauzimu ndi tsogolo la dziko.

Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 makompyuta adayamba kufika m'masukulu, ndipo anyamata a sukulu adaitulukira nambala ija. Monga adalembera Allucquère Rosanne Stone, amene adatsata mbiri ya bwaloli, anyamatawo adadzaza paliponse ndi zolaula ndi nthabwala za kuchimbudzi. Eni ake adasowa pogwira. Chitseko adalibe, tsache adalibe, ndipo lamulo lawo lomwe lidawamanga manja. Akuluakulu aja adayamba kuchoka mmodzimmodzi mpaka bwalo lidafa. Pajatu walira mvula walira matope, koma iwowa za matope sadakonzekere.

Patangopita zaka zochepa, mu 1985, kutsidya kwa mlatho wa mzinda womwewo, m'tauni ya Sausalito, Stewart Brand ndi Larry Brilliant adatsegula bwalo lina lotchedwa The WELL, dzina limene m'Chingerezi likutanthauza chitsime. Iwowa adachita zosiyana. Choyamba, kulowa kudali kolipira: madola 8 pamwezi ndi madola 2 pa ola lililonse. Chachiwiri, munthu ankatha kudzipatsa dzina lamasewera, koma dzina lake lenileni aliyense pabwalopo ankatha kuliona. Mwambi wawo unkanena kuti mawu ako ndi ako, kutanthauza kuti zimene walemba uziyankha wekha. Chachitatu, chigawo chilichonse cha zokambirana, kaya cha makolo, cha nyimbo kapena cha ndale, chidali ndi wochereza wake. Ntchito yake idali kulandira alendo, kuyambitsa nkhani ndi kuthira madzi pamene moto wayamba kuyaka.

Chimene ambiri amaiwala ndi mtundu wa anthu amene adapatsidwa udindo woyang'anira chitsimechi. Matthew McClure, Cliff Figallo ndi John Coate onse adakhalapo zaka zambiri pa mudzi wotchedwa The Farm ku Tennessee, kumene anthu mazanamazana ankalima, kuphika ndi kusunga chuma pamodzi. Kumeneko adaphunzira zimene sukulu ya makompyuta siphunzitsa: kukhazika pansi anthu awiri okwiyirana amene mawa adzadyera mbale imodzi. Munthu akalusa pabwalo ankayamba amulankhula kumbali, ndipo kuthamangitsa munthu kudali kosowa. Kuwonjezera apo, anthu a pa chitsimechi ankakumana maso ndi maso pamaphwando a mwezi ndi mwezi. N'kovutatu kumutukwana usiku munthu amene mawa udzagawana naye chakumwa.

Howard Rheingold, amene adalemba buku la mabwalo oterewa mu 1993, adasimba zimene zidamuchitikira mu 1986. Usiku wina mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri adapezeka ndi nkhupakupa itakanirira pamutu. Mayi a mwanayo adaimba lamya kuchipatala, iye n'kulemba pa chigawo cha makolo chija. Pamene achipatala ankabweza lamya n'kuti nkhupakupayo itachotsedwa kale, potsata malangizo a dokotala wina amene adali pabwalopo usiku umenewo. Sikuti pa chitsimepa padalibe mikangano ayi. Idaliko, ina yowawa ndithu. Koma mudzi sudapasuke, moti mu 2012 eni kampani atafuna kuchigulitsa, mamembala ake adasonkha ndalama n'kuchigula okha.

Phunziro lina lidachokera ku Usenet, mabwalo amene Tom Truscott ndi Jim Ellis, ophunzira a pa yunivesite ya Duke, adawaganizira mu 1979 ndipo adayamba kugwira ntchito mu 1980. Usenet idalibe mwini. Chimene chinkaisunga ndi mwambo basi: werenga kaye usadalembe, usafunse zimene zidayankhidwa kale m'kalata ya alendo, usatenge nkhani ya mpira kupita nayo kubwalo la zaumoyo. Chaka chilichonse mwezi wa Seputembala, ophunzira atsopano akafika m'mayunivesite n'kupatsidwa mwayi wa kompyuta, kunkakhala chipwirikiti. Koma poti alendowo adali ochepa, akale ankawalangiza ndipo pakatha milungu ingapo bata linkabwerera.

Zinthu zidatembenuka mu 1993 ndi 1994 pamene makampani ogulitsa intaneti kwa anthu wamba, kuphatikizapo America Online, adatsegulira makasitomala awo zitseko za Usenet. Alendo adayamba kufika tsiku ndi tsiku ngati madzi osefukira. Mu Januwale 1994 mkulu wina wa pabwalopo, Dave Fischer, adadandaula kuti Seputembala wa 1993 sadzatha, ndipo dzina la Seputembala wosatha lidakhazikika mpaka lero. Pa 12 Epulo chaka chomwecho maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, adatumiza uthenga umodzi wotsatsa malonda awo ku mabwalo oposa 5,000 nthawi imodzi. Adatukwanidwa koopsa koma sadachite manyazi, poti sadali a m'mudzimo. Apa tisawanamizire alendo aja kuti adali oipa kuposa akale. Vuto lidali lakuti anamwali adachuluka kuposa anamkungwi, tsono mwambo akadaumva kwa yani?

Amene adabwera pambuyo adaona zonsezi. Matt Haughey adayambitsa bwalo la MetaFilter mu 1999, ndipo anthu atachuluka ankatseka chitseko kwa nthawi ndithu kuti amene alowa kale ayambe azolowerana. Mu 2004 adaika mtengo wa madola 5, wolipira kamodzi kokha polowa. Ndalama imeneyi ku Amereka nthawi imeneyo idali yogulira chakudya chamasana, koma idagwira ntchito ya mpanda. Wofuna kucheza ankalipira osadandaula, pamene wongofuna kugenda ankaganiza kawiri, poti akathamangitsidwa ndiye kuti alipirenso. Haughey adalembanso ntchito oyang'anira olandira malipiro, mmodzi mwa iwo Jessamyn West, mayi wodziwa ntchito ya m'nyumba zowerengera mabuku. Padalinso chigawo chapadera chimene aliyense wosakhutira ndi chigamulo cha oyang'anirawo ankakadandaulako poyera, iwo n'kuyankha pamaso pa onse.

Zipatso zake zidaoneka mu 2010. Membala wina adalemba kuti atsikana awiri a ku Russia amene adabwera ku Amereka kudzagwira ntchito auzidwa kuti akakumane ndi munthu wosamudziwa pamalo ena achisangalalo ku New York usiku, ndipo zikuoneka ngati msampha wa ozembetsa anthu. Mamembala adagawana ntchito, ena kuimbira lamya aboma, ena kufufuza za malowo. Mayi wina wa pabwalopo adakawachingamira atsikanawo n'kukawasunga kunyumba kwake. Anthu amene sakhulupirirana sangachite zotere.

Mwina wina anena kuti mankhwala ndi dzina lenileni basi. Dziko la South Korea lidayesa zimenezo. Mu 2007 lidakhazikitsa lamulo loti wolemba pa masamba akuluakulu a intaneti azitsimikiza kaye dzina lake lenileni. Mu 2012 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo lidathetsa lamulolo, ndipo mwa zifukwa zake lidati padalibe umboni wokwanira woti zonyoza zachepa. Nafenso tikudziwa kuti pa Facebook anthu amatukwana dzina ndi chithunzi chawo zili poyera. Dzina limagwira ntchito pokhapokha pamene olimva ndi anthu oti mawa udzawafuna. Pa chitsime chija dzina lidali ndi kulemera chifukwa mudzi udali waung'ono ndipo unkakumbukira.

Nkhani ya Facebook ikutiphunzitsanso china. Mabwalo akale aja ankaonetsa mauthenga motsatana monga adalembedwera. Facebook, imene idayamba mu 2004 ndipo imapeza ndalama kwa otsatsa malonda, imasankha yokha zoti muone, ndipo imasankha zimene zingakusungeni pafoni. Zikalata zimene Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, adaulula mu 2021 zidasonyeza kuti kuyambira mu 2017 makina a kampaniyi ankawerengera tinkhope tija, kuphatikizapo kokwiya, kasanu kuposa kachala kosonyeza kukonda. Ogwira ntchito ena adachenjeza kuti zimenezi zikukweza nkhani zoyambanitsa anthu, ndipo pofika mu 2020 kankhope kokwiya kadachotsedwa mphamvu imeneyo. Tangoganizani nyakwawa imene imalandira mphoto anthu akamenyana pabwalo. Kodi mudzi umenewo mungagone tulo?

Pali umboni wina wosonyeza kuti zinthu zazing'ono zimathandiza. J. Nathan Matias adachita kafukufuku pa bwalo lalikulu la sayansi la pa Reddit, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2019. Pamwamba pa nkhani zina adaikapo uthenga wokumbutsa malamulo a bwalolo, pa zina sadaikepo. Pamene padali malamulo, alendo ambiri adawatsata, komanso chiwerengero cha alendo olemba chidakwera ndi 70 pa 100 aliwonse. Eti malamulo, amene timaganiza kuti amathamangitsa anthu, ndi amene adawalimbitsa mtima. Mlendo akadziwa pokhala amamasuka.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno mawu oti kufufuta zolemba za munthu amanyansa, ndipo pali chifukwa. Makolo athu adakhala zaka zambiri pansi pa lamulo la 1968 limene lidapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku, nyimbo ndi masewero, ndipo alembi ena adalawa ndende chifukwa cha cholembera. Ine monga mlakatuli sindingaimbire m'manja zotseka anthu pakamwa. Koma tisiyanitse zinthu ziwirizi. Woletsa mabuku uja ankagwira ntchito mumdima, sankayankha kwa aliyense, ndipo dziko ndi limodzi, kothawira kudalibe. Wochereza wa pa chitsime ankadziwika dzina, ankatsutsidwa poyera, ndipo wosakondwa ankatha kukatsegula bwalo lake. Ndiponso pa CommuniTree, pamene padalibe wofufuta, mawu a anthu ofatsa ndi amene adazimiririka. Kusowa kwa woyang'anira nakonso kumatseka anthu pakamwa, kungoti otsekawo amakhala aphokoso.

Nditabwerera ku magulu anga awiri aja ndidaona kuti mbiri yonseyi ili momwemo. La nkhuku lili ndi cholinga chimodzi. Wolowa amachita kubweretsedwa ndi mnzake ndipo amalandira malamulo tsiku lomwelo. Adimini ake ndi mayi wina wodekha amene ukalakwitsa amayamba wakulembera kumbali, ukabwereza amakuchenjeza pagulu, kachitatu ndiye amakutulutsa. La kusukulu lija aliyense ndi adimini, ndiye kuti palibe adimini. Wina amangolowetsa anthu osafunsa, ndipo cholinga cha chipepeso chidakwiririka ndi mavidiyo a ndale.

Tsono abale anga, bata la pa intaneti silichita kugwa ngati mvula. Pamakhala wina amene akulilimira tsiku ndi tsiku, kawirikawiri popanda womuthokoza. Ngati muli ndi gulu labanja, la mpingo kapena la kuntchito limene mukulifuna, gwirizanani cholinga chake, lembani malamulo ochepa omveka, alendo azilowa pang'onopang'ono, ndipo sankhani munthu wofatsa woti aziyang'anira koma nayenso azifunsidwa. Mukatha kutero muzikumanako maso ndi maso, osadikira maliro. Ife a kusukulu tagwirizana zokumana mwezi wamawa, ndipo nkhani yoyamba pamndandanda ndi yopepesa mnzathu uja amene tidamusiya yekha pa maliro a mayi ake.