Mbiri ya Wailesi ya Kanema ya ku Estonia

Kumpoto kwa Ulaya, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, kuli dziko laling'ono lotchedwa Estonia. Likulu lake ndi Tallinn, ndipo anthu ake ndi opitirira pang'ono 1.3 miliyoni. Eni dzikolo ali ndi chinenero chawochawo, Chiestonia, chimene sichifanana konse ndi Chirasha ngakhale kuti dziko la Russia lachita nawo malire chakum'mawa. Chinenero chimene chili pa ubale ndi Chiestonia ndi cha anthu a ku Finland, kutsidya la nyanja. Dzikoli lili ndi wailesi ya kanema ya mtundu wonse yotchedwa Eesti Televisioon, kapena ETV mwachidule. Wailesiyi inamangidwa ndi boma lachilendo kuti izifalitsa zofuna za bomalo, koma m'kupita kwa nthawi inathandiza nawo kulichotsa.

Dziko la Estonia linayamba kudzilamulira m'chaka cha 1918, koma ufuluwo sunakhalitse. M'chaka cha 1940 boma la Soviet Union linalanda dzikoli. Asilikali a Germany analowamo m'chaka cha 1941, ndipo atachoka m'chaka cha 1944 ulamuliro wa ku Moscow unabwereranso. Anthu zikwizikwi anatengedwa mokakamiza kupita ku Siberia, makamaka mu Juni 1941 ndi mu Malichi 1949, pamene antchito ambiri olankhula Chirasha ankabwera kudzakhazikika m'mizinda. M'chaka cha 1934, mwa anthu 100 alionse a m'dzikomo, 88 anali a mtundu wa Chiestonia, koma pofika 1989 sanali kukwana 62. Tsono mtunduwo unali ndi mantha oti chinenero chawo chidzazimirira.

M'nyengo yovutayi ndi mmene wailesi ya kanema inayamba. Inaulutsa zithunzi zake zoyamba pa 19 Julayi 1955, ili ndi dzina loti Tallinna Televisioonistuudio, ndipo dzina loti Eesti Televisioon linabwera m'chaka cha 1965. Pologalamu ya nkhani yotchedwa Aktuaalne kaamera inayamba pa 11 Malichi 1956, ndipo ikuulutsidwabe mpaka lero. Chilichonse chopita pa kanemayo chinkayenera kuvomerezedwa ndi chipani cha Chikomyunizimu, ndipo panali bungwe la boma lotchedwa Glavlit limene ntchito yake inali kufufuta mawu osakomera olamulira. Mtolankhani sankaloledwa kunena kuti dzikolo linachita kulandidwa.

Komabe olamulirawo anali ndi vuto limodzi. Kuti uthenga wawo ufike kwa mlimi ndi msodzi, unayenera kunenedwa m'chinenero chimene anthuwo ankamva. Motero Chiestonia chinakhala ngati khoswe wa pamkhate, amene sapheka popanda kuswa mkhatewo. Usiku uliwonse chinenerochi chinkamveka m'nyumba za anthu kudzera m'nkhani, m'masewero ndi m'nyimbo. M'zaka za m'ma 1970 ana ankaphunzira zilembo poonera pologalamu yotchedwa Mõmmi ja aabits, yokamba za kamwana ka chimbalangondo kamene kankaphunzira kuwerenga. Zinthu zotere zinali za mtengo wapatali, makamaka kuyambira 1978 pamene Karl Vaino, munthu wobadwira ku Siberia amene sankalankhula bwino Chiestonia, anaikidwa kukhala mkulu wa chipani m'dzikomo, ndipo boma linalimbikira kukweza Chirasha m'sukulu ndi m'maofesi.

Vuto lina la olamulira linachokera kutsidya la nyanja. Kuchoka ku Tallinn kufika ku Helsinki, likulu la Finland, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 80 okha, ndipo mafunde a wailesi sadziwa malire. Anthu a kumpoto kwa Estonia ankaimika milongoti pa madenga awo n'kumaonera kanema wa ku Finland, ndipo popeza zinenero ziwirizo n'zofananako, ambiri ankamva zolankhulidwazo. Ankaona nkhani zimene boma lawo linkabisa, ndiponso masitolo odzaza ndi katundu amene kwawo ankasowa. Chifukwa cha ichi antchito a ETV ankadziwa kuti woonera akatopa ndi mabodza angotembenukira ku Finland, choncho ankayesetsa kukonza mapologalamu okoma ndi kunena zoona mpaka pamene malamulo ankalekezera.

M'chaka cha 1980 masewera a Olimpiki anachitikira ku Moscow, koma mpikisano wa mabwato unachitikira ku Tallinn. Pokonzekera mwambowo boma linamanga nsanja youlutsira mawu ndi zithunzi, yotalika mamita 314. Nsanjayi inamangidwa kuti ionetse mphamvu za Soviet Union, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti patapita zaka 11 asilikali a boma lomwelo adzaizinga ndi akasinja.

Zinthu zinayamba kusintha Mikhail Gorbachev atakhala mtsogoleri ku Moscow m'chaka cha 1985 n'kulola anthu kulankhulako momasuka. Mu Febuluwale 1987, mtolankhani Juhan Aare anaulula pa pologalamu ya zachilengedwe yotchedwa Panda kuti akuluakulu a ku Moscow akonza zotsegula migodi ikuluikulu ya miyala yopangira feteleza kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Anthu anaopa kuti madzi awo aonongeka ndiponso kuti kubwera antchito ena ambirimbiri ochokera kunja. Ophunzira ndi anthu wamba anadandaula poyera, ndipo boma linaimitsa ntchitoyo. Apa anthu anaona kuti mawu awo angathe kubweza chiganizo cha Moscow.

Kenaka pa 13 Epulo 1988, pa pologalamu ya zokambirana yotchedwa Mõtleme veel, kutanthauza kuti tiganizenso, Edgar Savisaar ananena pamaso pa oonera onse kuti pakhazikitsidwe gulu la anthu wamba lolimbikitsa kusintha kwa zinthu. Pologalamuyo inkaulutsidwa nthawi yomweyo pamene ankalankhula, kotero kuti panalibe mpata wofufuta mawu ake. Gululo, lotchedwa Rahvarinne, linakula mofulumira ndipo linakhala limodzi mwa magulu otsogolera nkhondo ya ufulu yopanda mfuti.

Mayeso aakulu anafika mu Ogasiti 1991, pamene akuluakulu ena ku Moscow anayesa kulanda boma kwa Gorbachev. Akasinja analowa mu Tallinn, ndipo anthu anasonkhana kudzateteza nyumba za wailesi ndi nsanja ija, ngakhale ankadziwa kuti mu Januwale chaka chomwecho anthu 14 anaphedwa ku Vilnius, m'dziko la Lithuania, asilikali ataukira nsanja ya kanema ya kumeneko. Usiku wa pa 20 Ogasiti nyumba ya malamulo inalengeza kuti Estonia ndi dziko lodzilamuliranso. M'bandakucha wa pa 21 asilikali analowa m'nsanjamo ndipo zithunzi za kanema zinaduka, koma amuna owerengeka anadzitsekera m'chipinda cha pamwamba, ndipo wailesi ya mawu inapitirizabe kuuza anthu zochitika. Tsiku lomwelo chiwembu cha ku Moscow chinalephereka, asilikaliwo anachoka, ndipo panalibe munthu amene anafa.

Ufulu utabwera, panabuka funso latsopano: kodi wailesiyi ikhala ya yani? M'chaka cha 1993 inalowa m'bungwe la mawailesi a ku Ulaya, European Broadcasting Union, ndipo m'chaka cha 2002 inakonza mpikisano wa nyimbo wa Eurovision ku Tallinn, oimba a ku Estonia atapambana chaka cha 2001. Kuyambira pa 1 Julayi 2002 inaleka kuulutsa malonda, ndipo ndalama zoyendetsera ntchito yake zimachokera ku thumba la boma movomerezedwa ndi nyumba ya malamulo. M'chaka cha 2007 inaphatikizidwa ndi wailesi ya mawu kukhala bungwe limodzi lotchedwa ERR, limene lamulo limati likhale loima palokha. Nthambi yachiwiri, ETV2, inayamba m'chaka cha 2008.

Mu Sepitembala 2015, patangopita chaka dziko la Russia litalanda Crimea, bungweli linatsegula nthambi yachitatu, ETV+, youlutsa m'Chirasha. Pa nthawiyo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse m'dzikomo anali wa mtundu wa Chirasha, ndipo ambiri mwa iwo ankamvera nkhani zochokera ku Moscow. Anthu a ku Estonia ankakumbukira milongoti ija ya pa madenga awo, ndipo ankadziwa kuti munthu amene kwawo samulankhula m'chinenero chake amakatchera khutu kwa anansi.