Mbaula ya m'Komboni ndi Mpweya wa Kaboni: Kuunika Kafukufuku wa Zaka 40

Mbiri ya mbaula mu Lusaka siingalekanitsidwe ndi mbiri ya makomboni. Mzindawu utakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, atsamunda sanakonze nyumba zokwanira anthu akuda odzafuna nchito, motero malo monga Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anamera popanda cilolezo. Lamulo la nyumba la mu 1974, pamodzi ndi ngongole ya World Bank, linabweretsa mipope ndi miseu ku George ndi Chawama, koma kaphikidwe sikanasinthe. Nkhuni za pafupi zitatha, makala, amene a m'tauni amacha malasha potengera Cibemba, ndiwo anasanduka moto wa pakhomo.

Ofufuza a m'ma 1980 sanali kukamba za kusintha kwa nyengo ai. Nkhawa yao inali kutha kwa mitengo. Mbaula ya cigayo ca malata, yoboolaboola mbali zonse, imataya moto wambiri ku mphepo, ndipo ku Kenya anali atayamba kale kumata mbaula ndi dothi m'kati kuti isunge kutentha. Koma nchito yolemera koposa ya nthawiyo inacokera ku thengo. Emmanuel Chidumayo wa pa Yunivesite ya Zambia anaonetsa mu 1993 kuti nkhalango ya miombo yodulidwa ndi ootcha makala imaphukanso pa zitsa, malinga ngati malowo sanalimidwe. Mfundo imeneyi inadzakhala mutu wa mkangano pambuyo pake.

Pangano la ku Kyoto la mu 1997 linasandutsa utsi kukhala malonda. Kampani ya ku Ulaya inkatha kulipirira mbaula zosunga moto kuno, n'kuwerengera mpweya wa kaboni wopewedwawo ngati wake. Ca m'ma 2010, kampani ya magetsi ya ku Germany ya RWE inathandiza nchito yofuna kugawa mu Lusaka mbaula 30,000 za Save80, zoyaka ndi timitengo m'malo mwa makala. Dzina lenilenilo ndi lonjezo: kupulumutsa 80 peresenti ya nkhuni.

Funso la woŵerenga wosamala n'lakuti, ciŵerengero cotere cimapezeka motani? Kaŵirikaŵiri mbaula imayesedwa poŵiritsa madzi m'cipinda copanda mphepo. Koma madzi si nsima. Mai wovundula nsima ya anthu asanu ndi atatu amafuna mbaula yosagwedezeka pansi pa mthiko, ndipo nyemba zimakhala pamoto maola angapo. Mbaula yatsopano ikalephera pamenepa, yakale siitayidwa. Ziŵirizo zimayaka pamodzi, pamene m'mabuku a nchitoyo yakale inafa kale. Kuonjezera apo, mtengo wophukanso umamwanso kaboni amene unatulutsa, conco cimene ciyenera kuŵerengedwa ndi gawo lokha la nkhuni zosabwezeretsedwa. Robert Bailis ndi anzake anapeza mu 2015 kuti gawoli linali pakati pa 27 ndi 34 peresenti ya nkhuni zodulidwa m'maiko otentha, pamene nchito zambiri zogulitsa kaboni zinkalemba ziŵerengero zoposa pamenepo kutali. Mu 2024, Annelise Gill-Wiehl, Daniel Kammen ndi Barbara Haya a ku Berkeley anaŵerengera kuti nchito zimene anazipenda zinakweza phindu lao pafupifupi kasanu ndi kanai.

Izi sizitanthauza kuti mbaula yabwino ndi bodza. Ku Nairobi, Susanna Berkouwer ndi Joshua Dean anasindikiza mu 2022 zotsatira zoonetsa kuti mbaula ya Jikokoa inacepetsa makala ndi 39 peresenti m'nyumba zenizeni. Ciŵerengeroci n'cocepa poyerekeza ndi malonjezo a amalonda, koma ndico cimene tingaimepo, cifukwa mabanja oyerekezedwa anasankhidwa mwa maere. Cilala ca mu 2024, cimene cinaphwetsa madzi a ku Kariba n'kuzimitsa magetsi kwa maola ambiri patsiku, cinaphunzitsanso cina: mabanja a ku Matero ndi Mtendere okhala ndi masitovu a magetsi anabwerera ku mbaula, motero muyeso wotengedwa m'caka ca mvula yabwino sungaimire zaka zonse.

Pali mbali imene ife a zinenero tiyenera kuloŵapo. Kafukufuku wambiri amadalira mafunso olembedwa m'Cingerezi n'kumasuliridwa pakamwa pakhomo la munthu. Wofunsa akati, "Kodi mumaphika kangati patsiku?" mai adzaŵerenga nsima ndi ndiwo basi. Kuotha moto mu Juni, kufunditsa madzi osamba, kuocha cimanga cogulitsa pamseu ndi kupala makala a m'nsimbi si kuphika m'Cinyanja, ngakhale zonsezi zimadya thumba limodzi lomwelo. Ndiponso ulemu wathu sulola munthu kunyoza mphatso pamaso pa woipereka. Wofunsa akafika atavala malaya a bungwe logawa mbaula, yankho lakuti "ili bwino, tikuiseŵenzetsa" lingakhale moni cabe, ndipo pa pepala lidzalembedwa ngati matani a kaboni.