Za Kamoto ka m'Thirakitala Yakale

Inu abale a kwa Simlemba, amene muona mathirakitala alikulima minda ya fodya, mudziwe kuti makolo a makinawa anali a mtundu wina. Ferguson yaing'ono yotuwa ija, yochedwa TE20, inapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 kufikira 1956, ndipo zinaturuka zoposa 500,000. Zoyambazo zinali kumwa petulo, ndipo petulo m'injini sayaka yekha, afuna kamoto. Mphamvu icokera m'batire, ikuzidwa m'koyilo, nigawidwa ku mapulagi anai, iri yonse pa nthawi yace. Panjirapo pali timilomo tiwiri tacitsulo, ndito mapointi, totseguka ndi kutsekeka kosaleka. Ha, kucepa kwace! Koma tikacita dzimbiri, kapena cikalowamo cinyezi ca dzinja, cimakina conse cingoti zii, mvula irikugwa, mbande zirikukalambira ku nazale. Cifukwa cace woyendetsa wanzeru anali kupala timilomoto, nayesa mpata wace, nacotsa mwaye pa mapulagi, mvula isanagwe.

M'caka ca 1951 anaturutsa ya dizilo, imene iyaka ndi kupanikiza mpweya, yosafuna kamotoko. Pofika zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anacuruka m'Kasungu, mathirakitala ambiri anali a dizilo, ndipo luso lija linatsalira amakaniko a magalimoto.