Malonda a kaboni ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Malonda a kaboni ndi mgwirizano wolipira anthu amene achepetsa mpweya wotenthetsa dziko. Katete, Sinda ndi Vubwi ndi maboma a alimi a chimanga, mtedza, soya ndi thonje. Kulibe mafakitale akuluakulu, kotero mpweyawu umachokera makamaka ku kuswa mphanje, moto wolusa m'tchire, nkhuni ndi makala.

Dziko la Zambia linalonjeza kuti pofika 2030 lidzachepetsa mpweyawu ndi magawo 25 pa 100 likalandira thandizo lochepa lakunja, kapena 47 pa 100 likathandizidwa mokwanira ndi maiko ena. Chigawo cha Kum'mawa, komwe kuli maboma atatuwa, ndicho chinasankhidwa kuyeserako malonda a kaboni kudzera mu Zambia Integrated Forest Landscape Project, ntchito yothandizidwa ndi World Bank. Mu 2024 boma ndi bankiyi anasainirana pangano la ndalama zofika madola 30 miliyoni, zogulira matani 3 miliyoni a mpweya wopewedwa m'chigawo chonse.

Ndalamazi sizituluka popanda umboni. Akatswiri amayerekeza zithunzi za setilaiti za zaka zosiyana, amayeza mitengo ndi nthaka pamalo osankhidwa, kenako oyendera ochokera kwina amatsimikiza chiwerengerocho. Kuwerenga kumachitika pa chigawo chonse, ndiye mudzi wosamala nkhalango yake ukhoza kuluza ngati anzawo kutsidya akupulula mitengo.

Malo ambiri kuno ali m'manja mwa mafumu a pansi pa Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika, monga Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba ndi Pembamoyo. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'midzi kupanga magulu ovomerezeka oyang'anira nkhalango zawo. Nalo bungwe la COMACO lakhala likuphunzitsa alimi m'chigawochi kubzala gliricidia m'minda, n'kumawagula mbewu zawo.

Povuta ndi pa kagawidwe ka ndalama za kaboni. Chilala cha 2024 chitapsereza chimanga ndi kuchepetsa madzi ku damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, m'matauni anthu n'kubwerera ku mbaula. Wootcha makala amalandira ndalama yake tsiku lomwelo m'mbali mwa msewu wa Great East, pamene ya kaboni imadikira kuyeza ndi kutsimikiza. Ikakathera m'maofesi kapena kubwalo la mfumu osafika pakhomo pake, munthuyo sangaleke kudula mitengo.